Nthambo Yolowera Pazenera la Apongozi

Midzi ndi matauni amene ndinadutsamo sindiwakumbukira mayina. Chimene ndimakumbukira ndi kamvekedwe ka zipinda zake. China chinkabweza mawu ngati chitini, china chinkawameza, china chinali ndi nkhunda padenga. Koma ulendo wonsewo unayambira m'chipinda chimodzi, kumudzi kwa mkazi wanga Olipa, kumene ndinkakhala pachikamwini.

Olipa anali ndi kanyimbo kamene ankaimba podzoza mafuta mwana wathu Ndaziona akangomusambitsa. Ankagwira kamwendo, n'kukawongola, n'kukapinda, akuimba chapansipansi:

Tambasula kamwendo, njira ikudikira,
pinda kamwendo, kwanu n'komweku.

Panali mawu ena otsatira amene sindinawasunge, poganiza kuti ndidzawamvanso mawa. Tsiku lina ndinamujambula. Ndinali ndi wailesi ya kaseti ndi kamaikolofoni kapulasitiki ka pamsika, kopepuka ngati chitsononkho. Ndinapotokola batani mpaka kumapeto kuti mawu ake aang'onowo alowe. Titamvetsera, m'tepimo munali mvula yokhayokha, ngati ikugwa pamalata, ndipo kuseri kwa mvulayo, kutali, munthu wosadziwika ankang'ung'udza. Kunja kunali dzuwa loswa mtengo.

"Mwajambula ine kapena dzinja?" anatero Olipa akuseka. "Fufutani, tidzayesanso."

Sitinayesenso. Chimanga chisanache anadwala, ndipo pokolola anali atatisiya.

Nyimboyo anaiphunzira kwa mayi ake, a Nangozo, apongozi anga, ndipo mawu awo anali amodzi. Wina akamaitana nkhuku kuseri kwa mpanda, sindinkadziwa ngati ndi mkazi wanga kapena amayi ake. Koma mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayandikana. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kuudzu n'kunjuta atafulatira, ine n'kudutsa nditawerama. Tikafuna kuuzana kanthu tinkatuma munthu. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzipo, nkhope yawo ndinkangoidziwa cham'mbali.

Titameta maliro, abale a Olipa anandisudzula monga mwa mwambo. Ndinali womasuka kupita, ndipo mwana anali wa pamudzipo. Ndisananyamuke ndinatuma mlamu wanga kukapempha apongozi kuti andiimbire nyimbo ija m'tepi. Anavomera. Koma kamaikolofoni kaja sikankamva munthu pokhapokha kakhale pakamwa penipeni, ndipo nthambo yake inali yaifupi ngati mkono. Ndinayenera kukagwira ndekha, nditakhala nawo pamphasa imodzi. Iwo anatembenukira kukhoma, anakoka chitenje kuphimba pakamwa, n'kuimba ngati akuuza khomalo chinsinsi. M'tepimo munalinso mvula yokhayokha.

"Uwauze bambo a Ndaziona," anatero kwa mlamu wanga, ngakhale ndinali pomwepo, "kuti ine sindingawaimbire pamaso. Akapeze chomva munthu ali patali, adzabwere. Koma asachedwe. Chifuwachi sichikundikonda."

"Alamu, mwamva?"

"Ndamva."

Ndinanyamuka mwana ali kumbuyo kwa azakhali ake, akuyamwa chala.

Ndinafika m'tauni ina imene njanji inaidula pakati. Kumeneko ndinamva kwaya ikuimba m'nyumba yaing'ono yalendi, ndipo ndinaima pakhomo mpaka mwini wake anatuluka. Anali a Chimbalanga, munthu wamfupi wa ndevu zosapesa, amene ankajambula makwaya kuchipinda kwake kogona.

"Mukufuna kujambula ndani?" anandifunsa.

"Munthu amene sangandiyang'ane."

Sanadabwe. Anandilowetsa m'chipinda, n'kuomba m'manja kamodzi. Chipinda chinayankha, ndipo yankholo linachedwa kutha.

"Mwamva? Maikolofoni simva munthu yekha. Imamvanso khoma, simenti, malata, zonse zikulankhula pamodzi naye. Musanamvere woimba, yambani mwatontholetsa nyumba."

Tinaimika matiresi kukhoma, tinapachika mabulangete, pansi tinayala masaka. Anaombanso m'manja, ndipo chipinda chinangolandira osabweza. Akazi awo anali pakhomo atagwira m'chiuno.

"Achimwene, muwafunse aphunzitsi anuwo kuti ife tigona pati," anatero. "Matiresi athu amva nyimbo zambiri kuposa abusa, koma msana wanga sukuwadziwa."

"Anthu akatamanda Mulungu ndi kaseti imeneyi, dalitso lina ndi lako," anayankha a Chimbalanga.

"Dalitsolo libwere ndi matiresi ena."

Ndinakhala nawo mvula n'kugwa, n'kukata, n'kugwanso. Ndinaphunzira kudikira kuti chigayo chizime ndi sitima idutse, ndiponso kuthamangitsa tambala asanayambe. Pazenera la chipindacho pankadutsa mayi wina wosenza ndowa, nthawi zonse atafulatira, kumbuyo kwake kukutsatira kamtsikana kongophunzira kuyenda. Sindinawaonepo nkhope.

Tsiku lina ndinayesa kunong'ona patali ndi maikolofoni ya a Chimbalanga. Siinandimve.

"Zangazi ndi za anthu olimba mtima, oimba mokuwa," anatero. "Wanuyo wamanyazi, mukam'funire kwina. Kwerani kumtunda."

Ndinakwera. Ndinafika m'tauni yozizira ya pamwamba pa phiri, kumene nkhungu inkalowa m'nyumba ngati mlendo wozolowereka. Kumeneko kunali Mayi Kalinde, amene kale ankaimba m'bandi, koma tsopano ankajambula okalamba ndi odwala m'nyumba mwawo, aliyense amene abale ake ankafuna kusunga mawu ake.

"Mukufuna kujambula ndani?"

"Munthu amene sangandiyang'ane."

"Wamoyo?"

"Pamene ndinkachoka anali wamoyo."

Anatsegula chitini cha mabisiketi. Mkatimo, pambali pa kathumba ka mpunga koteteza chinyezi, munali maikolofoni yokulungidwa m'kansalu. Inali yolemera ngati mwala wa mumtsinje. Anaiimika pakati pa chipinda, anandiveka mahedifoni, iwo n'kupita kukaima kukona. Anapukusa zala ziwiri, ndipo ndinazimva ngati zili m'khutu mwanga. Ndinamva chiswe chikudya phaso, ndinamva dontho likutsika pamalata. Kenako anavala mahedifoniwo ndi iwo, ine n'kukhala chete.

"Mwadya chiyani, mwana wanga? Mimba yanu ikuimba besi."

Ndinachita manyazi, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndi mmene ilili yabwino. Siisankha. Imamva zimene munthu akufuna kuti zimveke ndi zimene akubisa. Choncho musamaiike pakamwa pa munthu ngati mukumudyetsa. Ipatseni danga. Munthu akaiwala kuti ilipo, ndiye amaimba ndi mawu ake enieni."

Ndinkawanyamulira katundu poyenda m'makomo. Tinajambula bambo wina wopuma pantchito ya ukalipentala amene ankaimba nyimbo zamapemphero atagona chagada. Titabwerera kunyumba, ndinakhala pakompyuta kuti ndiyeretse ntchitoyo. Pakati pa mizere panali kupuma kwake kolemera, kumeza malovu, ndi kulira kwa bedi. Ndinali pafupi kuzidula pamene Mayi Kalinde anandigwira dzanja.

"Siyani. Bamboyu akadzapita, akazi ake sadzabwera kudzamvera nyimbo. Nyimboyo ili m'buku, aliyense angathe kuimba. Adzabwera kudzamvera mpweyawo."

Pazenera lawo pankadutsanso mayi wosenza ndowa atafulatira. Ankayenda pang'onopang'ono kuposa uja wa kunjanji, ndipo mtsikana womutsatira anali atavala yunifolomu ya sukulu.

Nkhungu inabwera n'kupita kangapo. Makutu a Mayi Kalinde anayamba kulira okha, ndipo mwana wawo anabwera kudzawatenga. Tsiku losamuka anandiikira chitini chija m'manja.

"Kwa ine yangokhala chitsulo. Pitani nayo kwa wamanyazi wanuyo."

Ndinailumikiza ku kamakina kanga kojambulira, ndinapotokola batani, n'kunong'ona ndili patali. Mawu anga analowa bwino, koma mvula ija inalowa nawo. Ndinakhala pansi pakati pa akatundu omangamanga.

"Musalire," anatero. "Maikolofoni ndi khutu chabe. Mawu amatuluka mmenemo ali ochepa ngati ulusi, ndiye pamafunika wowanyamula. Kabokosi kanga kowanyamula mwana wangayu akukafuna, amaimba kutchalitchi. Tsikirani kuchigwa, mukafunse wokonza mawailesi."

Ndinatsika. Ndinafika pamalo ena a malonda otentha kwambiri, pamene mbuzi zinkagona pansi pa malole. Pakhonde la sitolo ina panali a Kachingwe, munthu wamtali wowonda, atazunguliridwa ndi mawailesi otsegula mimba.

"Mukufuna kujambula ndani?"

"Munthu amene sangandiyang'ane."

"Apongozi," anatero osadzutsa mutu. "Inenso ndinali nawo. Khalani apo."

Ndinawamvetsa tepi ya Olipa, imene ndinkayenda nayo m'thumba la malaya. Anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali chotseka.

"Mvula imeneyi si yakumwamba, ndipo si ya mkazi wanu. Ndi phokoso la makinawo eni ake. M'kati mwa chojambulira chilichonse muli kachigawo kokweza mawu akangochoka kumaikolofoni. Amisiri amati piriyampu. Kakakhala kachabechabe, kamakhala ndi kaphokoso kake. Woimba mokuwa amakaphimba, simungakamve. Koma wa mawu aang'ono, mukapotokola batani kuti mum'kweze, mumakwezanso kaphokosoko, mpaka kamamumiza. Kabwino kamanyamula mawu ndi manja oyera."

"Ndiye Olipa ali momwemo, pansi pa mvulayi? Simungam'tulutse?"

"Ayi, achimwene. Chimene chinamira tsiku lojambula chinamira. Tingathandize amene adakali moyo."

Tinayamba kupanga kabokosi. Zipangizo zina anazichotsa m'makina akale a holo ina imene inagwa, zina tinadikira kuti amalole atibweretsere. Ndinkawagwirira tizitsulo akamawotcherera, ndipo utsi wa mtovu unandilowa m'malaya. Koyamba kanang'ung'udza ngati njuchi chifukwa cha magetsi a m'sitolo, ndiye tinakasinthira kumabatire. Kachiwiri kanapsa. Titalumikiza nthambo yaitali yoti idzafike kuchokera m'nyumba mpaka panja, m'mahedifoni munamveka mpira wa pawailesi.

"Apongozi anu akudziwa kuulutsa mpira?" anafunsa a Kachingwe. "Tifune nthambo yokutidwa bwino, ya mitsempha itatu. Iyi ikutola za m'njira."

Tsiku lina masana anandiveka mahedifoni, anatsekera maikolofoni m'bokosi la nsalu, n'kundiuza kuti ndipotokole batani. Ndinapotokola, ndinapotokolanso. Ndinkadikira mvula, koma siinabwere. Munali bata lakuya ngati chitsime. Ndinafuna kufikitsa batanilo kumapeto, koma anandimenya padzanja ndi sikuludiraiva.

"Musamafike kumapeto. Mukuona kagetsi aka? Kakabiriwira, zili bwino. Kakachita chikasu, chenjerani. Kakafiira, mawu asweka, ndipo osweka salumikizika. Muzisiya malo. Munthu woimba chapansipansi tsiku lina amadzidzimutsa."

Kutsogolo kwa khondelo kunkadutsa mtsikana wamtali wosenza ndowa. Mayi uja sanali naye.

Madzulo a tsiku lomwelo kunafika wogulitsa mphasa wochokera kudera la kwa Olipa. Ndinam'funsa za a Nangozo.

"Alipo, koma kumunda anasiya. Akalankhula mumachita kuwerama kuti mumve."

Kutacha ndinamanga katundu. A Kachingwe anakulunga nthambo pamkono pawo, n'kundikoleka paphewa.

"Kumbukirani kuti imeneyi imayenda njira imodzi. Inu mudzawamva, iwo sadzakumvani."

Njira yobwerera inali yaifupi kuposa mmene ndinkaidziwira. Ndinadutsa chigwa, phiri ndi njanji ngati zipinda za nyumba imodzi. Pofika pamudzi, mtsikana wamtali anatula ndowa, anagwada patali pang'ono n'kundipatsa moni wa alendo. Mlamu wanga, amene tsopano anali ndi imvi, anatuluka m'khola.

"Iwe Ndaziona, ukupereka moni wotani? Awa ndi bambo ako."

Ndaziona anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandilandira chitini cha mabisiketi, n'kuchinyamula ndi manja awiri ngati muli mazira.

Tinadikira Lamulungu masana, chigayo chitazima ndipo ana atapita kudambo. Apongozi anawatulutsa kukawotha dzuwa kuseri kwa khitchini, atafulatira, kuti ine ndilowe m'nyumba mwawo. Ndinaomba m'manja kamodzi, chipinda n'kuyankha. Ine ndi Ndaziona tinapachika mabulangete, tinaimika matiresi, ndipo maikolofoni tinaimangirira kunsungwi, kutali pang'ono ndi mphasa, cha kukhoma kumene ndinkadziwa kuti adzatembenukira. Nthambo ndinaitulutsira pazenera, n'kuiyendetsa pansi mpaka kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko ndinakhala pa mtondo wogona, kabokosi pamiyendo, mahedifoni kumutu.

Ndinamva chitseko. Ndinamva mapazi awiri okhwekhwereza ndi awiri opepuka. Mphasa inalira. Kenako ndinamva kupuma kwa apongozi anga, kolira ngati kamluzu pansi pa chifuwa, ndi mkanda wawo ukukhudza batani la bulauzi. Palibe mkamwini amene anayandikirapo apongozi ake chotero. Ndinaweramitsa mutu, ngakhale panalibe wondiona.

"Apita kutali?" anafunsa.

"Ali kuseri kwa nkhokwe, agogo."

"Ndiye chinthuchi chindimva ndili kuno?"

"Akuti chimamva ndi chiswe chomwe."

"Chiswe cha m'nyumba muno chili ndi nkhani zambiri."

Kenako anayamba, osaphimba pakamwa, ndi mawu ochepa ngati ulusi. Kabokosi kanawanyamula n'kuwafikitsa kwa ine opanda dontho limodzi la mvula.

Tambasula kamwendo, njira ikudikira,
pinda kamwendo, kwanu n'komweku.

Kagetsi kankangophethira mobiriwira, pang'ono pokha. Anakoka mpweya kuti alowe m'mawu aja amene ndinawaiwala, koma chifuwa chinawagwira. Anatsokomola nthawi yaitali. Anayesanso, ndipo panangotuluka mpweya. Chala changa chinali pabatani, chikufuna kulifikitsa kumapeto kuti nditole ngakhale kanyenyeswa. Ndinakumbukira sikuludiraiva ya a Kachingwe, ndipo ndinachotsapo chalacho.

Ndiye mawu ena anadzuka m'chipindamo, athunthu, amphamvu, osaopa khoma:

Ukakula udzapita, ndidzakusungira madzi,
ukabwera ndi fumbi, ndidzakusambitsa ine.

Kagetsi kanalumphira pachikasu, kananjenjemera pomwepo, koma sikanafiire. Anali Ndaziona. Anali mawu amene ndinkawamva akuitana nkhuku kuseri kwa mpanda, osadziwa kuti ndi a ndani. Pobwereza, agogo ake analowa pansi pake chapansipansi, ndipo maikolofoni inawamva onse awiri, wamkulu ndi wamng'ono, aliyense pamalo pake.

Nyimbo itatha sindinazimitse. Ndinamva apongozi akumeza malovu.

"Tuluka kaye, mwanawe."

Chitseko chinalira. M'chipindamo munatsala kupuma kumodzi.

"Bambo a Ndaziona," anatero. Chiyambire anali asanandiitanepo popanda wotuma pakati. "Akuti chinthuchi chimamva zonse. Mukundimva?"

Ndinatsegula pakamwa, koma nthambo imayenda njira imodzi. Kufuula kuchokera kunkhokwe kukanakhala chipongwe, ndipo kupita pazenera sindikanatha. Ndinagwira nthamboyo n'kuikoka pang'ono. M'mahedifoni munamveka kugunda kumodzi, du, nsungwi itagwedezeka.

Anaseka, kuseka kopanda mawu, kwa mpweya wokhawokha.

"Ndi inuyo amene mukugwedeza? Chabwino. Mverani, poti pamaso sindingathe. Tinakusudzulani chifukwa ndi mwambo, sitinakuthamangitseni. Mwanayu nyimboyi ndinam'phunzitsa ndikuopa kuti mudzapeza nditapita. Amaimba akamatunga madzi, koma sadziwa kuti ndinu amene munkam'gwira mwendo winawo amayi ake akamam'dzoza. Ine ndinkaona, ndili cham'mbali. Mwayenda mokwanira. Nyumba ya Olipa denga lake ndi labwinobwino. Ngati mwamva, gwedezaninso."

Ndinakoka nthambo kachiwiri.

A Nangozo anatisiya mvula yoyamba isanagwe. Mpaka tsiku lomaliza, tikakumana pabwalo ankatembenukira kumbali, ine n'kudutsa nditawerama.

Masiku ano ndimajambula anthu m'nyumba ya Olipa, nditaimika matiresi kukhoma. Ena amapempha kumva nyimbo ija, ndipo ndimawamvetsa mpaka pamene imathera, osapitirira. Zotsatirazo timamvera awiri, ine ndi Ndaziona. Tsiku lina iye, amene tsopano amadziwa kudula ndi kuyeretsa pakompyuta kuposa ine, analoza pamene pali kugunda kuwiri kuja.

"Bambo, apa maiki inagwedezeka. Ndichotse?"

"Siya," ndinatero. "Pamenepo ndi pokhapo pamene ndinalankhulapo ndi agogo ako."